Kusaka makasitomala a mawebusaiti ku Salima: momwe zayendera kuyambira Julayi 2024

Kumayambiriro kwa Julayi

Tagwirizana ndi mnzanga kuti miyezi ikubwerayi tizilemba zimene tikuchita pofuna kupeza makasitomala atsopano, ndi zimene zikutulukapo. Kabizinesi kathu n'ka anthu awiri. Ine ndimapanga mawebusaiti, iye amajambula zithunzi ndipo ndi amene ali ndi pakamwa potha kulankhula ndi anthu. Ofesi ndi kachipinda ka lendi kuseri kwa mashopu pa Kamuzu Road, muli tebulo, malaputopu awiri ndi batire la sola loti magetsi akathima ntchito isaime.

Mpaka pano ntchito zathu zambiri zimachokera ku Lilongwe, kwa kampani ina imene imatiponyera zotsala ikachulukidwa. Malipiro ake amachedwa, ndipo dzina lathu silioneka paliponse. Tikufuna kuti pofika pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pamene anthu amakhamukira kunyanja, tikhale ndi makasitomala athuathu a kuno okwana kutilipirira lendi ndi intaneti mwezi ndi mwezi.

Pa mndandanda wa oti tiwafikire, pamwamba taika malo ogona alendo a ku Senga Bay, makamaka apakati ndi ang'onoang'ono. Mahotela a Sunbird sitinawawerengere poti zawo zimayendetsedwa ku likulu. Kenako sukulu zapulayiveti, mabungwe ang'onoang'ono, magulu a alimi a mpunga a ku Lifuwu, ndipo kumapeto mashopu a m'tauni.

Nyengo yake si yabwino kwenikweni. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, panopa dola kubanki ili cha m'ma K1,750, ndipo kuti uipeze ndi nkhani inanso. Domeni, dzina la webusaiti pa intaneti, timalipira m'madola, choncho mitengo yathu yakale inatha ntchito. Nyanja nayonso yakwera kwambiri chaka chino. Madzi analowa m'malo ambiri a m'mphepete, mchenga umene alendo amakhalapo unamira, ndipo eni malo ndalama zawo zathera kugula matumba a mchenga ndi kukonza makoma.

Pakati pa Julayi

Tinasindikiza timapepala n'kugawa m'mashopu, komanso tinalipira Facebook kuti ionetse uthenga wathu kwa anthu a ku Salima. Ma like anabwera ambiri. Ofunsa analipo, koma ambiri anali anyamata ofuna kuphunzira ntchitoyi. Wogula sanapezeke. Kulipira Facebook kumadyanso timadola tochepa timene banki imalola pa khadi, tomwe timafunika polipira domeni, ndiye zimenezo taziimika.

Mawu othandiza tawamva kwa bambo wina wogulitsa simenti ndi malata. Anawerenga kapepala kathu mpaka pansi n'kunena kuti, "Achimwene, makasitomala anga onse amadutsa pakhomo pompano, ena pa kabaza, ena pa ngolo. M'mafoni mwawo muli bandulo ya WhatsApp basi. Webusaiti yanuyo aziitsegula ndi chiyani?" Bamboyu sananame. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo otchipa a WhatsApp kapena Facebook yokha, ndipo anthu ambiri kuno amagula amenewo. Munthu wotero ukamutumizira linki, akaidina imangozungulira osatseguka. Shopu imene ogula ake ndi a pompano sikusowa webusaiti, ndipo mashopu a m'tauni tawachotsa onse pa mndandanda. Tatsala ndi amene ogula awo ali kutali, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka kapena kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, anthu amene asanalize galimoto amayamba afufuza pa foni.

Kumapeto kwa Julayi

Ndakhala ndikuyang'ana pa Google Maps malo onse ogona alendo kuchokera m'tauni mpaka kunyanja, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Loji ina chizindikiro chake chili m'madzi, cha kufupi ndi chilumba cha Namalenje. Ina ili ndi nambala ya manijala amene anachoka kalekale. Ina chithunzi chake choyamba n'cha bafa losweka, chojambulidwa ndi mlendo amene anachoka atakwiya. Malo ambiri anangoikidwapo ndi alendo odutsa, eni ake sadziwa n'komwe kuti alipo.

Ndiye tasintha cholowera. Tikafika pamalo sititchulanso webusaiti. Mnzanga amapereka foni kwa a manijala n'kunena kuti, "Bwana, talembani dzina la malo anu apa, muone zimene mlendo wa ku Lilongwe amaona." Akangoona okha nambala yolakwika, amayamba ndi iwowo kufunsa mafunso. Ntchito yoyamba imene tikugulitsa ndi kukonza Google Business Profile, tsamba la bizinesi limene limaoneka pa Maps: chizindikiro chibwere pamalo pake, nambala ikhale yolondola, zithunzi zikhale zathu, ndipo wa pa risepishoni aphunzire kuyankha ndemanga za alendo. Google silipiritsa kanthu pa zimenezi, ndipo timawauziratu kuti chimene akulipira ndi nthawi yathu ndi zithunzi. Mtengo taika K60,000.

Povuta ndi potsimikizira Google kuti malowo ndi akodi. Kale inkatumiza kakhadi pa positi, koma kuno kumene nyumba zilibe manambala kakhadi kotero kamasokera. Masiku ano kawirikawiri imafuna vidiyo yojambula kamodzin'kamodzi, yosadula. Pa loji yoyamba mnzanga anayambira pamphambano pamene pali chikwangwani, n'kuyenda mu msewu wafumbi mpaka pageti, kuonetsa dzina lolembedwa pakhoma, kulowa pa risepishoni, kenako a manijala anasolola makiyi m'thumba n'kutsegula ofesi, kuonetsa buku lolembamo alendo ndi chiphaso cha khonsolo chopachikidwa pa msomali. Mwera unali ukuwomba moti chikwangwani chija chinkangotembenuka, mlonda anachita kuchigwira ndi manja awiri atanjuta kuseri kuti asaoneke. Potumiza, netiweki inakana mkati mwa loji, tinakatumizira kumsewu wa tala. Patapita masiku ochepa Google inavomera.

Pakati pa Ogasiti

Malo anayi atipatsa ntchito ya Maps. Mmodzi mwa mamanijala ake, mayi amene wakhalitsa pa ntchito ya mahotela, ndi amene watiuza kumene ndalama za malo amenewa zimachokera. Ife maso anali pa azungu a zikwama kumsana ndi mabanja obwera Loweruka. Iwo anati, "Ana anga, a Loweruka amagula chambo ndi zakumwa, mawa lake apita. Zimene zimalipira antchito pano ndi mawekishopu. Lolemba mpaka Lachisanu, anthu 30, holo, tiyi kawiri, nkhomaliro, zipinda." Salima ili pa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M14, ulendo wosakwana maola awiri, n'chifukwa chake maunduna ndi mabungwe amakonda kudzachitira misonkhano kuno.

Wosankha malo a msonkhano si bwana wamkulu ayi. Ndi munthu wa mu ofesi yogula zinthu amene wauzidwa Lachitatu kuti pofika Lachisanu akhale atapeza makotesheni atatu. Ameneyu chithunzi cha dzuwa likutuluka panyanja sichimuthandiza. Akufuna adziwe kuti m'holo mumalowa anthu angati akakhala mozungulira matebulo, nanga akakhala m'mizere, zipinda zogona zilipo zingati, jenereta imakoka ma AC kapena mababu okha, pulojekita ilipo, Wi-Fi imafika m'holo, galimoto zingaime zingati, ndiponso ngati malowo ali ndi TPIN (nambala ya msonkho) ya MRA ndi akaunti yakubanki ya dzina la bizinesi. Akufunanso mtengo wa munthu mmodzi patsiku, wonenedwa momveka ngati VAT (16.5 peresenti mu 2024) ndi 1 peresenti ya msonkho wa zokopa alendo zili kale m'kati kapena ziwonjezedwa. Mwa maloji ang'onoang'ono amene ndayang'ana, sindinapeze ngakhale imodzi imene inalemba zimenezi poti munthu n'kuziona. Zonse zili m'mutu mwa manijala, ndipo manijala akakhala kumaliro, kotesheni imadikira kuti abwere.

Mayiwa tawapangira tsamba limodzi lokha. Pamwamba pali dzina, chithunzi cha holo itakonzedwa mipando ndi mabotolo a madzi patebulo, ndi batani lobiriwira la WhatsApp. Pansi pake pali mayankho a mafunso onse aja, ndi PDF ya mitengo yoti munthu atsitse n'kuphatika pa fomu yake. Tsambali lili m'Chingerezi popeza makalata a m'maofesi amayenda m'Chingerezi. Nyanja ili m'munsi, zithunzi zitatu basi.

Batani lija ndi linki ya wa.me yotsegula WhatsApp, yokhala ndi 265 kutsogolo ndi nambala yopanda ziro woyamba, ndipo tamatirirapo uthenga wolembedwa kale wonena kuti munthuyo waona tsamba la misonkhano ndipo akupempha kotesheni. Uthenga umenewu ndiwo mboni yathu. Mwini loji ukamuonetsa manambala a Google Analytics, owerenga anthu otsegula tsamba, amangogwedeza mutu, koma akatsegula WhatsApp n'kupeza mauthenga oyamba ndi mawu omwewo, sasowa womuuza kumene achokera.

WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, sitinaigwiritse ntchito pano. Ndi yabwino kwa amene amalemba nkhani sabata ndi sabata, koma imafuna hosting (malo osungirapo tsamba pa intaneti) yolipira ndi kumakonza mapulagini, timapulogalamu towonjezera, pafupipafupi, apo ayi akuba amalowa. Kwa tsamba limene limasintha kawiri kapena katatu pachaka, HTML wamba, yongolemba tsambalo pamanja, ndi yokwana. Taliika pa Cloudflare Pages, malo osungirapo masamba, kumene tsamba laling'ono ngati ili sililipira kanthu ndipo HTTPS, chitetezo cha tsamba, imabwera yokha. Zimenezi n'zofunika chifukwa kuyambira mu Julayi 2018 Chrome, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, imalemba kuti "Not secure" pa tsamba lopanda HTTPS, ndipo munthu wa mu ofesi akaona mawu amenewo amabwerera. Zithunzi zochokera m'kamera zimalemera 4 kapena 5 MB chimodzi. Timazichepetsa n'kuzisandutsa WebP, mtundu wa zithunzi wopepuka, kuti chilichonse chikhale cha m'ma 100 KB, tsamba lonse lisapose 1 MB. Poyesa sitidalira laputopu. Timatenga kafoni ka Itel n'kukaima pa depoti masana pamene netiweki yadzaza, likatseguka pamenepo ndiye kuti latheka.

Mtengo wa tsamba lotere taika K350,000, kuphatikizapo zithunzi ndi domeni ya chaka choyamba. Theka poyamba, theka tsamba likamatuluka.

Kumapeto kwa Ogasiti

Loji ina yatiyitana yokha. Mwini wake anati, "Webusaiti tinali nayo, inangozimirira." Nditafufuza ndapeza kuti domeni inalembetsedwa m'dzina la mnyamata amene anawapangira, ndipo foni yake sikugwiranso. Domeni ya .com ikatha osalipiridwa pamakhala kanthawi koti ungailipire pa mtengo wake womwewo, kawirikawiri mwezi kapena kuposerapo pang'ono. Kenako pamabwera masiku 30 oti ungaiwombole koma modula kwambiri, kenako masiku 5 ikudikira kufufutidwa, ikatero aliyense padziko angathe kuigula. Yawo inagulidwa kale, ndipo ukaitsegula panopa ikuonetsa zotsatsa za njuga. Dzina lomwelo likadali pa chikwangwani chawo kumsewu ndi pa mabuku a malisiti. Tasankha nawo dzina lina, ndipo wopenta abwera kudzafufuta lakalelo.

Kuchokera pamenepa takhazikitsa lamulo. Domeni iliyonse izilembetsedwa m'dzina la mwini bizinesi, pa imelo yake, ndipo pasiwedi timalemba papepala n'kupereka mu envelopu pamodzi ndi tsiku limene idzathe. Wofuna dzina la .mw timamulembetsera kudzera ku Malawi SDNP, amene amayang'anira mayina amenewa. Mnzanga akuti tikutaya chogwirira kasitomala, kuti mawa akhoza kungonyamula zonse kupita kwa wina. N'zoona akhoza. Koma pafupifupi mwini loji aliyense amene takumana naye ali ndi nkhani ya munthu wa kompyuta amene anasowa, ndipo ndaona kuti tikatchula envelopu ija nkhope zimamasuka kuposa tikamaonetsa zithunzi zokongola.

Sukulu ina yapulayiveti yogonera konko yabweranso, teremu yoyamba ikuyandikira mu Sepitembala. Peji yawo ya Facebook inatsegulidwa ndi mphunzitsi amene anasamuka, palibe wina angalowemo. Makolo a ana ambiri ali ku Lilongwe, ndiye tsamba lingawathandize: fizi, zoyenera kubweretsa, masiku otsegulira, mayendedwe. Tatsutsana pang'ono ndi a hedimasitala pa zithunzi. Iwo amafuna nkhope za ana amene anakhoza bwino mayeso a MANEB, mayina ndi mapointi awo. Tawauza kuti lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito mu 2024, MACRA ndi imene ikuyang'anira, ndipo za ana zimafuna chilolezo cha makolo. Tagwirizana kuti tiike chiwerengero cha okhoza popanda mayina, ndi zithunzi za makalasi, hositelo ndi khitchini. Kunena zoona kholo limafunitsitsa kuona pogona ndi podyera mwana wake kuposa nkhope ya mwana wa eni.

Pakati pa Sepitembala

Tinapita ku Nkhotakota, makilomita oposa 100 pa M5 kuchokera pa Kaphatenga, kudutsa Khombedza, Benga ndi Chia. Msewu pena akuukonza, pena m'mbali munadyeka moti minibasi ziwiri zikakumana imodzi imatsikira m'fumbi. Tinasankha nthawiyi chifukwa chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chaka chino chinachitikira kumeneko kumayambiriro kwa mwezi, ndiye eni malo aona okha mmene anthu amasakira pogona pa foni.

Msika wake ndi wina. Mawekishopu ndi ochepa poyerekeza ndi kwathu. Alendo ake ndi opita ku Nkhotakota Wildlife Reserve, imene African Parks inayamba kuyang'anira mu 2015 n'kusamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, apaulendo opita kumpoto ogona usiku umodzi, ndi amene ali ndi ntchito ku kampani ya shuga ku Dwangwa. Malo akuluakulu ali kale ndi mawebusaiti abwino. Ena apakati ali pa Booking.com, imene imadula cha m'ma 15 peresenti pa mlendo aliyense. Amenewa sitikuwauza kuti achokeko, chifukwa mlendo wakunja amakhulupirira kumeneko poyamba. Tikuwauza kuti akhalenso ndi pawopawo, kuti mlendo wobwera kachiwiri, kapena amene wauzidwa ndi mnzake, awapeze mwachindunji. Mmodzi wavomera, ndipo akufuna kuti alendo azitha kupereka dipoziti pa khadi. Tikuyang'ana PayChangu, imene imalandira makhadi, Airtel Money ndi Mpamba pamodzi. Ena ati tidzabwerenso mvula ikadzatha.

Thiransipoti yadya gawo lalikulu la phindu la ntchito imodziyo. Nkhotakota ingatipindulire pokhapokha titapeza wojambula wa komweko woti tizimutuma, ife n'kumapanga zotsalazo tili kuno.

Sabata yomweyo tinakhala pansi ndi komiti ya gulu lina la alimi a mpunga cha ku Lifuwu. A tcheyamani anati, "Mwana wanga, tamva kuti mpunga ukaikidwa pa intaneti azungu amagula ndi madola." Ndinawayankha kuti, "Bambo, ndalama zanu musawononge pa ife panopa." Wogula wa sitolo ya ku Lilongwe amafunsa mapaketi, chidindo cha Malawi Bureau of Standards, ndi matumba angati amene angapezeke mwezi uliwonse osadukiza. Webusaiti siyankha chilichonse mwa zimenezi. Tinangoikira a sekilitale WhatsApp Business m'foni mwawo, ndi katalogi ya zithunzi za mpunga wopuntha, mitengo ya 5 kg, 25 kg ndi 50 kg, ndi uthenga woyankha wokha akakhala kumunda. Sitinatchule mtengo, koma mawa lake kabaza anafika pa ofesi ndi thumba la mpunga atalimanga ndi malegeni pa kaliyala.

Kumayambiriro kwa Okutobala

Mauthenga oyamba ndi mawu athu aja ayamba kufika kwa mayi a loji. Awiri asanduka misonkhano yeniyeni, umodzi wa masiku atatu. Mayiwa sanatiuze ife poyamba, anauza anzawo. Taphunzira kuti mamanijala a ku Senga Bay amadziwana kwambiri, chifukwa msonkhano waukulu ukabwera zipinda sizikwana pamalo amodzi, ndiye amagawirana alendo ndipo ali ndi gulu lawo la WhatsApp. Linki ya tsamba lija inaponyedwa m'gulu limenelo, ndipo makasitomala awiri atsopano achokera mmenemo. Timapepala tija ndi ndalama za Facebook sizinabweretse ngakhale mmodzi.

Mnzanga anaganiza zoti tizipatsa kangachepe manijala aliyense wotibweretsera mnzake. Ndakana. Manijala ndi wantchito, ndalama yomupatsa mwini malo osadziwa ndi katangale ngakhale ichepe bwanji, ndipo tauni ino ndi yaing'ono. M'malo mwake loji imene yatibweretsera kasitomala tiziichotsera malipiro a mwezi umodzi, zolembedwa pa invoisi poti mwini aone.

Malipiro a pamweziwo ndiwo tikuwalimbikira tsopano, chifukwa kupanga tsamba ndi ndalama ya kamodzi. Taika K25,000 pamwezi: kusintha mitengo ikasintha, zithunzi zatsopano nyengo ikasintha, kuyang'anira Maps, ndi kukumbutsa za domeni isanathe. Mmene zinthu zikukwerera mitengo chaka chino, PDF ya miyezi itatu yapitayo imakhala yabodza kale, ndipo loji yopereka kotesheni yosiyana ndi zimene zili pa tsamba imaoneka ngati yakuba. Mfundo imeneyi eni malo akuimva msanga. Amene akuvuta ndi oti akufuna kulipira pokhapokha pakakhala chosintha. Awa tawapatsa mtengo wa ulendo umodzi umene uli wokwererapo, asankhe okha.

Ena akumatifunsa za Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inafika m'dziko muno mu 2023, ngati tingawalumikizire. Si ntchito yathu, timawalozera kwa amene amadziwa. Koma loji ikakhala nayo timalemba pamwamba penipeni pa tsamba, chifukwa amisonkhano amafunsa.

Bungwe lina la m'boma lino limene limalandira thandizo kunja likufuna webusaiti yaikulu ndi maimelo a dzina la bungwe, poti opereka thandizo amakayikira kalata yochokera pa Gmail. Ntchitoyi ndi yaikulu kuposa zonse zimene tagwira kuno. Apempha satifiketi ya bizinesi, TPIN ndi akaunti yakubanki ya bizinesi. Satifiketi tinalembetsa kale kwa Registrar General, TPIN ilipo, akaunti ndiyo tikuthamangira. Atiuziratu kuti adzadula msonkho polipira n'kutipatsa chikalata chake, ndiponso kuti ndalama zimatuluka pakatha mwezi ntchito itaperekedwa. Atipempha kuti tiyambe bajeti yawo isanavomerezedwe. Tayankha mwaulemu kuti tiyamba tikalandira LPO, chikalata chotsimikiza kuti atipatsadi ntchitoyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo masabata awiri amenewa maloji ndi amene akulipira.

Pambuyo pa 15 Okutobala

Tsiku la anakubala linagwa Lachiwiri, ndiye gulu lalikulu linabwera Loweruka ndi Lamulungu. Msewu wa ku Senga Bay unadzaza minibasi za magulu a amayi atavala zitenje zofanana. Ife sitinapite kukagulitsa kanthu, popeza manijala wotanganidwa samva za webusaiti. Mnzanga anangopita ndi kamera kukajambula malo a makasitomala athu ali odzaza anthu, atapempha chilolezo kwa ooneka nkhope, kuti tikhale ndi zithunzi za Khirisimasi.

Pamene tafika ndi apa. Malo 9 tawakonzera Maps. Masamba 4 atuluka, atatu ku Senga Bay ndi limodzi ku Nkhotakota. Atatu akulipira pamwezi, zimene zikukwana lendi koma intaneti tikuwonjezerabe ndi ndalama za ntchito za ku Lilongwe. Cholinga cha mu Julayi chija sitinachikwanitse chonse. Tsamba la sukulu latha koma silinatuluke chifukwa theka lachiwiri silinabwere, a hedimasitala akuti makolo ambiri sanamalize fizi. Tili nalo pa linki yoyesera, adzalipira lidzatuluka tsiku lomwelo.

Kwabuka msika wina umene sitinauganizire. Anyamata oyendetsa maboti opita ku Namalenje ndi ku Maleri, ndi ogulitsa ziboliboli, aona zimene zachitika ku maloji ndipo akufuna nawonso kuoneka pa Maps. K60,000 sangakwanitse. Tikuganiza zowasonkhanitsa tsiku limodzi pagombe, aliyense ndi foni yake, tiwaphunzitse onse pamodzi pa mtengo wochepa. Chovuta n'choti ambiri alibe chikwangwani kapena malo okhazikika oti aonetse pa vidiyo ija, ndiye mwina njira yabwino ndi kuwalemba pa masamba a maloji amene amagwira nawo kale ntchito. Tikambirana ndi mamanijala awiri sabata yamawa.

Mafuta asowanso, mizere pa mafilingi siteshoni yayamba, ndipo kabaza wopita kunyanja wakweza mtengo. Maulendo a ku Senga Bay tiwaika tsiku limodzi pasabata, zina zonse pa WhatsApp. Mvula ikayamba alendo a Loweruka amachepa, koma mabungwe ambiri amathamangira kumaliza ntchito za chaka mu Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala, ndiye mitengo ya misonkhano pa masamba atatu a ku Senga Bay iyenera kukhala yatsopano mwezi uno usanathe. Awiri atumiza kale mitengo yawo. Wachitatu akudikira mwini malo amene ali ku Johannesburg. Akaunti yakubanki akuti itseguka Lachisanu, ndipo ikatseguka makalata a bungwe lija tikapereka Lolemba.